George Mason wa ku Virginia: mwini minda ya fodya amene analemba za ufulu ali ndi akapolo pakhomo

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale wandilembera kuti: "Pokonzekera phunziro la mmene dziko la America linapezera ufulu wodzilamulira, ndakumana ndi dzina la George Mason, amene akuti anali mlimi wa fodya koma ndiye analemba chikalata cha maufulu a anthu ku Virginia, kenako n'kukana kusaina malamulo oyendetsera dziko lonse. Kodi mlimi analowa bwanji m'nyumba ya malamulo, anakaniranji kusaina, ndipo zinatheka bwanji kuti munthu wosunga akapolo alembe kuti anthu onse amabadwa mfulu?"

Aphunzitsi, mafunso anu atatuwa ndiwayankha pamodzi, chifukwa onse amachokera pamalo amodzi, ndipo malowo ndi minda ya fodya ya m'mbali mwa mtsinje wa Potomac. Mindayo ndi imene inam'patsa Mason mpando m'mabwalo a ulamuliro, inam'patsa nthawi yowerenga ndi kulemba, ndiponso inam'limbitsa mtima kukana pamene anzake ankavomera, popeza sankadya za boma ndipo panalibe amene akanam'landa nsima pakamwa. Koma mindayo ankalima ndi anthu ogulidwa ngati katundu, ndipo mawu ake okoma aja anathera m'malire a minda yomweyo.

Choyamba muwachenjeze ana anu pa liwu lakuti "mlimi", chifukwa iwo akalimva aganiza za munthu wa khasu paphewa. Mason anali mwini maesiteti. Anabadwa pa 11 Disembala 1725, ndipo anali wachinayi m'banja lawo kudziwika ndi dzina limeneli ku Virginia. Bambo ake anamira mu 1735 bwato litagubuduzika pa Potomac, iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo wachibale wawo John Mercer, loya amene anali ndi mabuku ambiri kuposa anthu ochuluka a m'chigawocho, anali mmodzi mwa omuyang'anira. Mason sanapite ku koleji ndipo sanakhalepo loya, koma anawerenga malamulo a ku England mpaka maloya enieni ankam'funsa nzeru. Atakula analandira maekala masauzande ambiri ku Virginia ndi kutsidya kwa mtsinje ku Maryland, ndipo pakati pa 1755 ndi 1759 anamanga nyumba yake ya njerwa yotchedwa Gunston Hall, imene ilipo mpaka lero. Mwana wake John, pokumbukira ubwana wake atakalamba, analemba kuti pakati pa akapolo a bambo ake panali akalipentala, okhoma migolo, ocheka matabwa, osula zitsulo, ofufuta zikopa, osoka nsapato, opota thonje, oluka nsalu ngakhale wotcheza mowa. Ananenanso kuti bambo ake sankalemba ntchito kalaliki, mabuku onse a chuma ankalemba okha. M'boma la Fairfax ndi George Washington yekha, woyandikana naye wa ku Mount Vernon (yemwe anadzakhala pulezidenti woyamba wa America), amene anali ndi akapolo ambiri kuposa iye, ndipo a Mason ankaposa 100.

Fodya ku Virginia anali ndalama yeniyeni. Kuyambira mu 1730 lamulo linkafuna kuti fodya yense wotumizidwa kunja ayambe wapita kunyumba zosungiramo katundu za boma, kumene oyendera ankatsegula mgolo uliwonse, wolemera pafupifupi makilogalamu 450, n'kuwotcha fodya woipa, ndipo mwini wake ankalandira chiphaso chimene akanatha kulipirira msonkho kapena ngongole. Ngakhale m'busa wa mpingo wa Anglican malipiro ake a pachaka anali fodya wolemera mapaundi 16,000. Malamulo a Britain, dziko limene linkalamulira Virginia pa nthawiyo, sankalola kuti fodyayo agulitsidwe mwachindunji kumayiko ena, choncho ankapita kwa amalonda a ku London, Bristol ndi Glasgow, amene ankachotsapo za sitima, za inshuwalansi, za msonkho ndi phindu lawo, kenako n'kutumiza nsalu, zida ndi mipando pa ngongole ya zokolola za chaka chamawa. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Mchinji, amene amathira thukuta chaka chonse koma mtengo n'kukauika ena, angamvetse msanga mkwiyo umene unkakula m'mitima ya eni minda amenewa, ngakhale kuti iwo thukutalo silinali lawo. Mason anali wosamala kwambiri pa chuma ndipo sanamire m'ngongole ngati anzake ambiri, koma ankadziwa bwino kuti dongosolo lonselo linakonzedwa kuti lipindulire a kutsidya kwa nyanja.

Tsono mwini minda wotereyu sankachita kulowa ndale monga timanenera masiku ano, chifukwa ulamuliro unkam'peza pakhomo. Chigawo cha Virginia chinali chogawidwa m'maboma ang'onoang'ono, ndipo boma lililonse linkayendetsedwa ndi bwalo la oweruza amene sankalandira malipiro. Bwaloli linkaweruza milandu, kuika misonkho, kulamula zokonza misewu ndi milatho, kupereka ziphaso kwa ogulitsa mowa, kuyang'anira chuma cha ana amasiye, komanso kuzenga milandu ya akapolo. Mpando ukatsala wopanda munthu, oweruza otsalawo ndiwo ankapereka dzina kwa bwanamkubwa, ndipo mwachidziwikire ankasankha mwana kapena mkamwini wa mnzawo. Pambali pa bwalolo panali komiti ya amuna khumi ndi awiri yoyendetsa parishi ya Anglican, imene inkakhometsa msonkho wa tchalitchi kwa aliyense, wopemphera kumeneko ndi wosapemphera yemwe, n'kumasamaliranso osauka. Mason anakhala woweruza wa ku Fairfax asanakwanitse zaka 25, analowa m'komiti ya parishi ya Truro mu 1749 n'kukhalamo mpaka 1785, anakhala mtsamunda wa gulu la asilikali a m'deralo, komanso mmodzi wa oyang'anira tauni yatsopano ya Alexandria. Analinso msungichuma wa Ohio Company, kampani ya anthu olemera imene inkafuna malo kumadzulo, malo amene anali ndi eni ake kale, mitundu ya Amwenye a ku America.

Pamwamba pa zonsezi panali nyumba ya malamulo yotchedwa House of Burgesses, imene inakumana koyamba ku Jamestown pa 30 Julayi 1619, ndipo kuyambira 1699 likulu linali ku Williamsburg. Boma lililonse linkatumiza aphungu awiri. Tsiku la chisankho ndi loyenera kuwafotokozera bwino ana anu, chifukwa likusonyeza mmene mphamvu ya eni minda inkagwirira ntchito poyera. Ovota anali amuna achizungu okha okhala ndi malo, maekala 100 a tchire kapena maekala 25 okhala ndi nyumba ndi munda, malinga ndi lamulo la 1736, ndipo anthu akuda omwe anali mfulu anawalanda voti mu 1723. Panalibe pepala kapena bokosi. Woyendetsa chisankho ankakhala patebulo pabwalo la milandu, opikisanawo atakhala pomwepo, ndipo wovota aliyense ankayandikira n'kutchula mokweza dzina la amene akumufuna, makalaliki n'kulemba, wosankhidwayo n'kuimirira kuthokoza. Munthu wa maekala ochepa amene anakongola chimanga kwa mwini esiteti, kapena amene mlandu wake udzafika pamaso pa woweruza yemweyo mwezi wamawa, ankadziwa dzina loyenera kutchula. Panja pankakhala migolo ya zakumwa. Washington, amene analephera chisankho mu 1755, anapambana m'boma la Frederick mu 1758 omuthandiza atagawira anthu magaloni oposa 140 a mowa, vinyo ndi zakumwa zina.

Mason anayesa mu 1748 n'kulephera, ndipo anasankhidwa mu 1758, chaka chomwecho cha Washington. Chodabwitsa n'chakuti sanaikonde ntchitoyi. Ankajomba kawirikawiri, ndipo mu 1761 sanaimenso. Ankadana ndi ulendo wautali wa ku Williamsburg, ankadwala matenda a mtundu wa nyamakazi otupitsa mapazi, ndipo analibe chipiriro ndi anthu olankhula zambiri zopanda mutu. Kwa zaka 14 zotsatira analibe mpando m'nyumba ya malamulo, komabe m'zaka zimenezi ndi mmene dzina lake linakulira, chifukwa aphungu ankabwera kudzatenga mfundo pakhonde pake.

Britain itakhazikitsa msonkho wa masitampa pa zikalata mu 1765, Mason analemba njira yoti eni malo azitha kuthana ndi nkhani za lendi popanda kugwiritsa ntchito mapepala a msonkhowo. Mu 1766 analembera amalonda a ku London kalata imene inasindikizidwa m'nyuzipepala kumeneko, n'kusaina kuti mlimi wa ku Virginia, ndipo anawadandaulira kuti amalankhula kwa anthu a ku America ngati mphunzitsi wolankhula kwa kamwana ka sukulu kamene akakhululukira kamodzi kokha. Mu 1769 anathandiza kukonza pangano loleka kugula katundu wa ku Britain, Washington n'kulitengera ku Williamsburg, ndipo bwanamkubwa Botetourt atathetsa nyumba ya malamulo, aphungu anakasonkhana m'nyumba ya alendo ya Raleigh n'kulivomereza komweko. Mu Julayi 1774, Britain itatseka doko la Boston polanga anthu amene anataya tiyi m'nyanja, Mason anapita ku Mount Vernon ndipo anakonza mfundo 24 zimene msonkhano wa eni malo a ku Fairfax unavomereza pa 18 Julayi, Washington ali wapampando. Mfundozi zinakana kuti nyumba ya malamulo ya ku London ili ndi mphamvu yokhometsa msonkho anthu amene alibe owaimira mmenemo, zinapempha kuti zigawo zonse zikumane, ndipo imodzi mwa izo inatcha malonda a akapolo kuti ndi oipa, ankhanza ndi osemphana ndi chilengedwe.

Mkazi wake Ann Eilbeck anamwalira mu Malichi 1773 n'kumusiyira ana asanu ndi anayi. Pamene Washington anapita kukatsogolera asilikali mu 1775, anthu a ku Fairfax anam'kakamiza Mason kutenga mpando wake pamsonkhano wa chigawo umene unalowa m'malo mwa nyumba ya malamulo yakale. Kumeneko anzake anafuna kum'tumiza ku Philadelphia kukaimira Virginia, koma anaimirira n'kukana, ponena kuti ana ake alibe mayi ndipo iye ayenera kukhala bambo ndi mayi womwe. Analembera Washington kuti kukwiya ndi kunyansidwa ndi mikangano yopanda pake zinam'dwalitsa mpaka nthawi zina ankatsala pang'ono kukomoka m'chipinda chokambirana. Ena amati kukana maudindo kotereku kunali kudzikuza, koma ine ndimaona kuti kunali koona, chifukwa anakana mipando yapamwamba moyo wake wonse, kuphatikizapo wa useneta mu 1790, ndipo sanapindulepo kanthu ndi kukanako.

Ntchito imene dzina lake limakumbukiridwa nayo anaigwira m'masabata ochepa a 1776. Pa 15 Meyi msonkhano wa ku Williamsburg unalamula nthumwi zake kuti zikapemphe zigawo zonse kulengeza ufulu wodzilamulira, ndipo unasankha komiti yolemba chikalata cha maufulu ndi malamulo oyendetsera Virginia. Mason anafika mochedwa chifukwa cha mapazi ake, n'kupeza komiti ya anthu oposa 30 imene iye anati yadzaza ndi mamembala opanda ntchito, choncho anangokhala pansi n'kulemba yekha. Ndime yake yoyamba inati anthu onse amabadwa mfulu ndi odziimira mofanana, ndipo ali ndi maufulu achibadwidwe amene sangawalande zidzukulu zawo mwa pangano lililonse, omwe ndi moyo, ufulu, njira zopezera ndi kusunga chuma, ndi kufunafuna komanso kupeza chimwemwe ndi chitetezo. Yachiwiri inati mphamvu zonse zili mwa anthu, ndipo olamulira ndi antchito awo oyenera kuyankha kwa iwo nthawi iliyonse. Ndime zina, zimene zingapo anawonjezera anzake, zinanena za kuzengedwa mlandu mwachangu pamaso pa anthu wamba, kuletsa zilango zankhanza, ufulu wa nyuzipepala, ndiponso kuti asilikali azikhala pansi pa ulamuliro wa anthu wamba. Pa za chipembedzo Mason analemba kuti anthu onse aziloledwa kupembedza, koma James Madison, amene anali ndi zaka 25 zokha, anaona kuti wololeza angathenso kuletsa, ndipo anasinthitsa mawuwo kuti anene kuti aliyense ali ndi ufulu wofanana wopembedza monga chikumbumtima chake chikumuuzira. Mason anavomera kukonzedwa ndi mnyamatayo.

Apa ndi pamene funso lanu lachitatu likulowa, ndipo musaganize kuti anthu a nthawi imeneyo sanaone vutolo. Ndime yoyamba itangowerengedwa, Robert Carter Nicholas ndi anzake anaitsutsa kwa masiku angapo, ponena poyera kuti mawu otere m'dziko la akapolo adzabala chipwirikiti, chifukwa akapolo anali pafupifupi anthu awiri mwa asanu alionse ku Virginia. Mkanganowo unatha pamene Edmund Pendleton anapereka mawu owonjezera akuti maufuluwo ndi a anthu "pamene alowa m'gulu la anthu odzilamulira". Tanthauzo lake linali lomveka kwa aliyense m'chipindamo: akapolo sanalowe m'gululo, choncho ndimeyo siikuwakhudza. Chikalatacho chinavomerezedwa pa 12 Juni 1776 chili ndi ndime 16, ndipo malamulo oyendetsera Virginia, amenenso mbali yaikulu inali ya Mason, anatsatira pa 29 Juni. Koma nyuzipepala za ku Philadelphia zinali zitasindikiza kale mawu a komiti asanawonjezedwe chotchingacho, ndipo ndi amenewo anafalikira. Thomas Jefferson ankalemba chikalata cholengeza ufulu wa America m'masiku omwewo, ndipo kufanana kwa mawu ake ndi a Mason aliyense angakuone. Pennsylvania ndi Massachusetts anatengera ndime yomweyo. Ku Massachusetts, kumene malamulo a 1780 ananena kuti anthu onse amabadwa mfulu ndi ofanana popanda chotchinga, woweruza wamkulu William Cushing ananena mu 1783, pa mlandu wokhudza Quock Walker, munthu amene ankasungidwa ngati kapolo, kuti ukapolo sungagwirizane ndi mawu amenewo. Ku Virginia kwenikweni, woweruza George Wythe atayesa kutsamira pa ndime ya Mason pomasula banja lina, bwalo la apilo mu 1806 linavomereza kuti banjalo limasulidwe pa chifukwa china, koma linakana kuti ndimeyo ikukhudza akapolo ochokera ku Africa.

Zaka za nkhondo Mason anazithera m'nyumba ya malamulo yatsopano ya Virginia, akulimbana ndi nkhani za misonkho, ndalama za pepala zimene zinkagwa mphamvu, zakudya za asilikali ndi malo a kumadzulo. Anasankhidwa m'komiti yokonzanso malamulo onse pamodzi ndi Jefferson, Wythe ndi Pendleton, koma anatula pansi ponena kuti iye si loya. Anakwatiranso Sarah Brent mu 1780, n'kupuma mu 1781, ndipo mu 1785 anali nawo pa zokambirana za ku Mount Vernon zogawana ndi Maryland kagwiritsidwe ntchito ka mtsinje wa Potomac.

Mu Meyi 1787, ali ndi zaka 61, anavomera ulendo wa ku Philadelphia, wautali kuposa wina uliwonse pa moyo wake, wopita kumsonkhano umene unalemba malamulo oyendetsera dziko lonse. Sanapiteko ngati wotsutsa. Ankafuna boma lalikulu lamphamvu kuposa limene linalipo, ndipo anali mmodzi mwa anthu asanu amene analankhula kwambiri, maulendo oposa 130. Anaumirira kuti aphungu a nyumba yaing'ono azisankhidwa ndi anthu mwachindunji, ndipo anakumbutsa olemera anzake kuti zidzukulu zawo zidzapezeka pakati pa osauka, choncho n'kwanzeru kuteteza maufulu a wotsika monga a wapamwamba. Ankaopa kuika mphamvu mwa munthu mmodzi ndipo anafuna kuti utsogoleri ukhale wa anthu atatu. Pa za kuchotsa pulezidenti pampando, iye ndiye anaona kuti milandu iwiri yokha, youkira dziko ndi ya ziphuphu, siikwanira, ndipo Madison atakana liwu lake loyamba lakuti kuyendetsa boma molakwika, Mason anabweretsa mawu akale a ku England onena za milandu ikuluikulu ndi zolakwa zazikulu pa udindo, amene ali m'malamulo a America mpaka lero.

Mtima wake unatembenuka kumapeto kwa Ogasiti. Nthumwi za ku South Carolina ndi Georgia zinkafuna kupitiriza kuitanitsa akapolo ku Africa, pamene za kumpoto, zokhala ndi sitima zamalonda, zinkafuna kuti malamulo a zamalonda azidutsa ndi mavoti ongoposa theka. Mason ankafuna zosiyana pa zonse ziwiri: malonda a akapolo atsekedwe, ndipo malamulo a zamalonda azifuna magawo awiri mwa atatu, kuti olima fodya asachoke m'manja mwa amalonda a ku London n'kugwera m'manja mwa a ku Boston ndi New York. Pa 22 Ogasiti analankhula mawu amene amatchulidwa kwambiri: anati mwini akapolo aliyense amabadwa ali wolamulira wankhanza wamng'ono, ukapolo umachititsa osauka kunyoza ntchito ya manja, ndipo umaitanira dziko chiweruzo cha kumwamba, chifukwa mayiko sangalangidwe m'moyo ulinkudza, ayenera kulangidwa m'moyo uno. Oliver Ellsworth wa ku Connecticut anamuyankha kuti ngati nkhaniyo ndi ya chikumbumtima, ndiye kuti ayenera kupitirira n'kumasula akapolo amene ali kale m'dzikomo. Charles Cotesworth Pinckney wa ku South Carolina anawonjezera kuti Virginia idzapindula malondawo akatsekedwa, popeza ili ndi akapolo ochuluka kuposa amene ikuwafuna ndipo mtengo wawo udzakwera. Mayankho awiriwa anali owawa chifukwa anali ndi choonadi. Mbali ziwiri zija zinagwirizana, malonda a akapolo n'kuloledwa mpaka 1808, malamulo a zamalonda n'kusiyidwa pa mavoti ongoposa theka, ndipo Mason analuza zonse. Pa 31 Ogasiti ananena kuti kuli bwino adule dzanja lake lamanja kusiyana n'kulisainitsa malamulowo mmene analili.

Pa 12 Sepitembala anayesa komaliza. Anati akanakonda malamulowo atayamba ndi chikalata cha maufulu, chimene chikanakhazika mitima ya anthu pansi, ndipo potengera zikalata za zigawo chikanalembedwa m'maola ochepa. Elbridge Gerry anapereka ganizolo, Mason n'kulichirikiza. Roger Sherman anayankha kuti zikalata za zigawo n'zokwanira, ndipo Mason anati malamulo a boma lalikulu adzakhala pamwamba pa zikalatazo. Anthu anali atatopa ndi miyezi inayi ya chilimwe m'chipinda chotseka mawindo, ndipo panalibe chigawo ngakhale chimodzi chimene chinavomera. Pa 17 Sepitembala anthu 39 anasaina, pamene Mason, Gerry ndi Edmund Randolph anakana. Zifukwa zake anazilemba kuseli kwa pepala la malamulowo, ndipo chiganizo choyamba chinali chakuti mulibe chikalata cha maufulu. Anachenjezanso kuti makhoti a boma lalikulu adzameza a zigawo n'kupangitsa milandu kukhala yodula moti wolemera adzapondereza wosauka, ndiponso kuti pulezidenti angagwiritse ntchito mphamvu yokhululukira pobisa anthu amene iye mwini anawatuma kulakwa. Choncho mukamaphunzitsa musanene kuti anakana chifukwa cha maufulu okha, kapena chifukwa cha fodya yekha. Zonse ziwiri zinalipo, ndipo mwa iye sizinkasiyana.

Kukanako kunam'tayitsa zambiri. Anthu a kwawo ku Fairfax anali kumbali ya Washington, moti pamsonkhano wa ku Richmond wa Juni 1788, woona ngati Virginia ivomereze malamulowo, anachita kuimira boma la Stafford. Kumeneko iye ndi Patrick Henry analimbana ndi Madison kwa masabata atatu, ndipo pa 25 Juni analuza ndi mavoti 89 kwa 79, koma opambanawo anavomera kutumiza mndandanda wa zosintha, wochokera kwambiri m'zolemba za Mason. Ubwenzi wake ndi Washington, wa zaka zambiri, unazilala osabwereranso mwakale. Madison, amene poyamba ankati chikalata cha maufulu n'chosafunika, anachipereka yekha ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse pa 8 Juni 1789, ndipo zosintha khumi zoyambirira zinayamba kugwira ntchito pa 15 Disembala 1791, Virginia itavomereza. Mason analemba kuti zinam'sangalatsa kwambiri, ndipo kuti patawonjezedwa ziwiri kapena zitatu akanapereka dzanja ndi mtima wake ku boma latsopanolo.

Pa funso la ukapolo, maganizo anga ndi awa. Sitingam'khululukire Mason ponena kuti anali munthu wa nthawi yake wosadziwa, chifukwa ndi ochepa a m'badwo wake amene anaufotokoza ukapolo momveka kuposa iye. Koma mukawerenga mawu ake mosamala muona kuti chisoni chake chachikulu chinali pa zimene ukapolo umachita kwa azungu: umaononga khalidwe la ana awo, umafooketsa chuma, umaika dziko pangozi nthawi ya nkhondo. Za ululu wa mayi wogulitsidwa kutali ndi mwana wake sanazikhazikepo mtima chimodzimodzi. Mlandu ankaukankhira kwa amalonda a ku Britain amene ankabweretsa anthuwo, osati kwa ogula. Ndipo pamsonkhano wa ku Richmond womwe uja, m'kulankhula kumodzi, anadzudzula malamulo atsopano chifukwa cholola malonda a akapolo kwa zaka 20, n'kuwadzudzulanso chifukwa sakuteteza umwini wa akapolo amene anthu a ku Virginia anali nawo kale. Ankadana ndi malondawo moona mtima, koma chuma chimene malondawo anasiya m'manja mwake ankachiona ngati cholowa cha ana ake asanu ndi anayi, chosayenera kukhudzidwa.

Njira inalipo. Kuyambira mu 1782 lamulo la Virginia linkalola mwini akapolo kuwamasula mwa chikalata kapena mwa wilo, ndipo ena anatero. Robert Carter III, mwini minda wolemera wa m'dera lomwelo la pakati pa Potomac ndi Rappahannock, anayamba mu 1791 kumasula anthu oposa 450, ndipo Washington mu wilo yake ya 1799 analamula kuti akapolo amene anali akeake adzamasulidwe. Mason anakhala ndi moyo zaka khumi lamulolo lilipo. Wilo yake anailemba mu Malichi 1773, patangopita masiku ochepa mkazi wake atamwalira, ndipo mmenemo analangiza ana ake aamuna kuti azikonda moyo wodziimira wa pakhomo kuposa mavuto a maudindo, koma nthawi ikawakakamiza kulowa m'zaboma asalole mantha a umphawi, manyazi kapena imfa kuwaletsa kuteteza ufulu wa dziko lawo. Wilo yomweyo inagawa akapolo ake pakati pa anawo, ena mwa iwo n'kuwatchula mayina, ndipo sanaisinthe kuti amasule ngakhale mmodzi. Anamwalira ku Gunston Hall pa 7 Okutobala 1792, patangopita sabata Jefferson atadzamuona, ndipo anaikidwa pafupi ndi Ann. Popeza lamulo la Virginia la 1662 linkati mwana amatsata mayi ake pa ukapolo, ana obadwa kwa akazi amene anagawidwa aja nawonso anakhala chuma cha banja la Mason, ndipo ukapolo ku Virginia unatha mu 1865, patapita zaka 73.